ZA NCHITO YA WOSAMALA OLUMALA: KUTHANGATA MBALE KUTI AIME PAYEKHA

Mau owerenga: 2 Samueli 4:4, 9:1-13, 16:1-4, 19:24-30, Eksodo 4:10-16, Marko 10:46-52.

Mzinda wa Livingstone unamangidwa m'caka ca 1905 pa mtunda wa mcenga, patali pang'ono ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo unali likulu la dziko la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935. Ambiri sadziwa kuti munthu amene mzindawo ulikuchedwa dzina lace anali wolumala mkono. Pakuti m'caka ca 1844, ku Mabotsa, mkango unamgwira paphewa nuphwanya fupa la mkono wace wamanzere, ndipo akadafera pomwepo mphunzitsi Mebalwe akadapanda kuuputa kuti utembenukire kwa iye. Mkonowo sunabwererenso mphamvu zace zakale, koma mwini wace anayenda nao maulendo ace onse, nafika ku mathithiwo mu 1855.

Kumtunda kwa mzinda umenewu kuli dera lochedwa Highlands, ndipo kumeneko ndinapita tsiku lina pamodzi ndi mkulu wa mpingo kukaceza kwa amai ena amasiye. Mwana wao wamwamuna, wa zaka zoposa makumi awiri, anafa miyendo ali wamng'ono, koma manja ace ndi amphamvu, ndi mutu wace uli bwinobwino. Tinampeza pakhonde, wosamba, wobvala malaya osita. Nditamfunsa m'mene anaswerera, anayankha ndi amai ace. Mkulu wa mpingo atafunsa ngati afuna kumadza ku mapemphero, anayankhanso amai ace kuti dzuwa la kuno likhoza kumdwalitsa. Nsima itafika, amaiwo anamsambitsa m'manja, namtemera mbamu. Ndipo ine ndemwe ndibvomera kulakwa kwanga, kuti maola awiri onse ndinaceza ndi amaiwo, osatembenukiranso kwa mwini nkhani. Potiperekeza, amai aja anaima pacipata nati, "Bambo, sindigona tulo ine. Ndikadzafa, mwanayu adzakhala wa yani?"

Funso limeneli liri m'mitima ya amai ambiri m'midzi mwathu, cinkana salichula. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerenga m'caka ca 2022 kuti mwa anthu asanu ndi mmodzi alionse, mmodzi ali ndi kulumala kwakukulu. Cotero palibe mpingo, palibenso mudzi, umene phunziro ili siliukhudza. Tirikulembera makolo ndi acibale, ndiponso iwo amene analembedwa nchito yosamala olumala m'nyumba za anthu ndi m'nyumba za mishoni.

I. ALEZI AWIRI A MEFIBOSETI

Mefiboseti, mwana wa Jonatani, anali wa zaka zisanu pamene mbiri inafika yakuti atate wace ndi Sauli agogo ace afa kunkhondo. Mlezi wace anamnyamula kuti athawe naye, ndipo m'kufulumira kwace mwanayo anagwa, nalumala mapazi onse awiri. Mlezi ameneyu sanali woipa mtima. Anamkonda mwanayo, nafuna kumpulumutsa. Koma cikondi cace cinatsagana ndi mantha ndi liwiro, ndipo cotulukapo cace cinakhala pa mwanayo moyo wace wonse. Alezi otere alipo ambiri pakati pathu. Pocita mantha kuti mwana angagwe, samlola kuyesa kuyenda. Poopa kuti anzace angamseke, samtumiza ku sukulu. Poona kuti alikucedwa kudya, amlanda supuni namdyetsa okha. Pakutha pa zaka khumi mwanayo ali ndi kulumala kuwiri, kwina kumene matenda anamsiyira, ndi kwina kumene cifundo cathu camwonjezera.

Mefiboseti anakulira m'nyumba ya Makiri ku Lodebara, kutali ndi kwao, kotero kuti pofika pamaso pa Davide anadziyesa yekha galu wakufa. Taonani cimene mfumu inamcitira. Siinangomtumizira cakudya kobisikako ai, koma inambwezera minda yonse ya Sauli kuti ikhale yace, niika Ziba pamodzi ndi ana ace amuna khumi ndi asanu ndi anyamata ace makumi awiri kuti amlimire, nimpatsa iye mwini malo pa gome la mfumu pakati pa ana ace. Mapazi ace sanacire, koma anakhala mwini munda ndi mwini banja, pakuti tiwerenga kuti anali ndi mwana dzina lace Mika.

Mlezi waciwiri ndiye Ziba. Masiku amene Davide anathawa Abisalomu, Ziba anamanga aburu, nasenzetsa zakudya, nakakomana ndi mfumu panjira, namnenera mbuye wace kuti watsala ku Yerusalemu dala, kuyembekeza ufumu. Ndipo mfumu, osamva mbali inayo, inapatsa Ziba cuma conse. Davide atabwerera, Mefiboseti anadza wosasamala mapazi ace, wosameta ndebvu, wosatsuka zobvala kuyambira tsiku limene mfumu inacoka, nafotokoza kuti anafuna kukwera buru kuti atsate mfumu, koma mnyamata wace anamnyenga. Munthu wosakhoza kudzimangira yekha buru ali m'manja mwa iye amene ammangira. Ziba anadziwa ici, natenga miyendo yace kuiyesa ufumu pa mbuye wace; analankhula m'dzina lace, nadya cuma cace. Aliyense wogwira nchito imeneyi adziyese yekha, pakuti mlezi wamantha ndi Ziba wadyera onse awiri akhoza kukhala mu mtima umodzi.

II. ARONI, NDI FUNSO LA KU YERIKO

Citsanzo cabwino ticipeza mwa Aroni. Mose anadandaula kuti lilime lace linali lolemera, ndipo Mulungu sanamcotsere kulemerako, koma anampatsa mkulu wace kuti akhale pakamwa pace. Mau anali kucokera kwa Mose, liu linali la Aroni. Ndipo pamene zinali kuyenda cotero, Farao anagonja. Koma tsiku limene Mose anacedwa m'phiri, Aroni nayamba kulamula za m'mutu mwace, panabadwa fano la mwana wa ng'ombe. Wosamala wolumala abwereketsa manja ace, miyendo yace, maso ace kapena pakamwa pace. Mutu ukhala wa mwini wace.

Ku Yeriko, Bartimeyu wakhungu anali kupfuula m'mbali mwa njira, ndipo khamu linamdzudzula kuti akhale cete. Ambuye anaima, nalamula kuti amuitane. Aliyense anali kuona kuti munthuyo ndi wakhungu, ndipo Ambuye anadziwa koposa onse. Koma sanamkhudze kufikira atayamba wamfunsa cimene iye mwini anafuna kuti amcitire. Ngati Mwana wa Mulungu, wodziwa za m'mitima, anafunsa, nanga ife ndife yani kuti tizilinganiza za moyo wa mnzathu osamfunsa?

Ticotsenso pano maganizo akuti kulumala ndi tsoka la macimo a makolo, kapena nchito ya mfiti, kapena cizimba ca wofuna kulemera. Ambuye anakana maganizo otere pa munthu uja wobadwa wosaona (Yohane 9). Zolumalitsa zidziwika: mwana wocedwa kupuma pobadwa, malungo aakulu ogwira ubongo, matenda oumitsa khosi, cikuku cimene cimaononga maso a ana osadya mokwanira, ngozi za pamseu, matenda a shuga, ndi kufa kwa ziwalo cifukwa ca kuthamanga kwa mwazi. Poliyo, amene analumalitsa ambiri a msinkhu wa makolo athu, analengezedwa kuti watha mu Afrika m'caka ca 2020, koma mu 2022 anapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe. Cifukwa cace amai asaleke kupita ndi ana ku katemera. Banja limene litaya mbuzi ndi nkhuku poyendayenda kwa asing'anga ndi aneneri, litayanso zaka zimene mwanayo akadaphunzira kukhala tsonga ndi kudya yekha.

III. ZIMENE OLUMALA ANAPHUNZITSA OWASAMALA

Mu mzinda wa Livingstone muli nyumba ya Cheshire, kumene masisitere a Eklesia wa Katolika athandiza ana olumala, monga zirinso ku Lusaka, Ndola, Mongu ndi Chipata. Dzinali ndi la Leonard Cheshire, Mngelezi woyendetsa ndege za nkhondo, amene anatumidwa kukaonerera kuphulika kwa bomba la ku Nagasaki mu 1945. M'caka ca 1948 analandira m'nyumba yace yochedwa Le Court munthu wina wosowa kolowera, Arthur Dykes, amene anali kufa ndi khansa, namdwazika ndi manja ace. Ena anamva nadza, ndipo kucokera pa nyumba imodzi ija nchitoyo inafalikira m'maiko ambiri.

Koma mbiri ya Le Court iri ndi mbali yaciwiri. Okhalamo anali kudya bwino ndi kugona pabwino, koma anali anthu akulu msinkhu, ndipo anawawidwa mtima poona kuti ena ndiwo awaikira nthawi yogona ndi malamulo onse a m'nyumba. Analimbana zaka zambiri kuti ena a iwo akhale nao m'bungwe loyendetsa nyumbayo. Mmodzi wa iwo, Paul Hunt, analemba kalata m'nyuzi ya The Guardian mu 1972, kuitana olumala anzace kuti akhale ndi bungwe laolao. Pambuyo pace ena a m'nyumba yomweyo anapempha akulu a Boma kuti ndalama zimene anali kulipira powasunga ziperekedwe kuti iwo alembe nazo owathandiza odzisankhira okha, m'nyumba zaozao. Ndipo mmodzi wa iwo, John Evans, anatuluka nalowa m'nyumba yace mu 1983. Thupi lace silinasinthe, anafunabe womdzutsa ndi womsambitsa. Cimene cinasintha ndico cakuti tsopano wolamula anali iye.

Zomwezo zinacitika kufupi ndi kwathu. Wokwera sitima pa Victoria Falls kulowera kumwera afika ku Bulawayo, kumene Jairos Jiri, wobadwira ku Bikita mu 1921, anafika mu 1939 kudzafuna nchito. Poona akhungu ndi opunduka alikupempha m'miseu, anayamba kuwanyamula pa njinga yace kunka nao ku cipatala, ndipo mu 1950 anakhazika bungwe lowaphunzitsa kusoka nsapato ndi nchito zina za manja. Anamwalira mu 1982, dziko lace litamlemekeza kwakukulu. Koma mu 1975 ena mwa iwo amene anaphunzira m'manja mwace anayamba bungwe laolao, nati afuna kudzilankhulira okha. Ena anayesa kuti kumeneko ndi kusayamika; koma mmodzi wa anyamatawo, Joshua Malinga, anadzakhala mtsogoleri wa bungwe la olumala la pa dziko lonse, ndiponso meya wa mzinda wa Bulawayo. Kodi pali mphotho ina ya mlezi yoposa imeneyi?

Ife a kum'mawa tikumbuka Magwero, pafupi ndi Chipata, kumene Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905, ndi Mai Ella Botes anapitiriza nchitoyo zaka zambiri. Tikumbukanso sukulu ya akhungu ya Chilanga ku Kasungu. Amene anaphunzira kuwerenga ndi zala kumeneko analeka kudikira kuti wina awawerengere Mau a Mulungu.

Tsono kudziimira pawekha sikutanthauza kucita zonse wopanda thandizo ai. Palibe wa ife amene atero, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mlimi afuna wosula makasu, ndi mfumu ifuna nduna. Kudziimira ndiko kukhala mwini wa moyo wako: kusankha cobvala, nthawi yodzuka, kopemphera, nchito, bwenzi, ndi kokhala. Maiko a dziko lapansi anapangana za ufulu wa olumala mu 2006, ndipo mutu 19 wa panganolo unena za ufulu wa munthu kukhala pakati pa anzace ndi kusankha kumene akhale ndi amene akhale naye. Malawi anabvomera panganolo mu 2009, Zambia mu 2010, ndipo mu 2012 maiko onse awiri anaika malamulo ao a za olumala. M'maboma a Livingstone, Kazungula ndi Zimba mwagwiridwa nchito yophunzitsa mabanja ndi anthu odzipereka kuthandiza olumala pamudzi pomwepo, ndi thandizo la bungwe la olumala la ku Norway. Koma lamulo la Boma silingalowe m'khicini mwanu kukakuletsani kulanda supuni. Pamenepo pafunika mtima wophunzitsidwa.

IV. MALANGIZO A NCHITO YA TSIKU NDI TSIKU

1. Funsani musanagwire. Musamnyamule munthu, kapena kukankha njinga yace, kapena kusuntha ndodo zace, osayamba mwamuuza ndi kumva kufuna kwace. Mlendo akafunsa inu za iye, iye ali pomwepo, nenani mwaulemu kuti, "Afunseni eni ace." Wamkulu mumpatse ulemu wa wamkulu, wa ndebvu asaitanidwe ngati kamwana.

2. Musamcitire cimene angathe kucita yekha, cinkana acedwe. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pophunzitsa nchito iriyonse, muigawe tizigawo, ndipo muyambe ndi kagawo kotsiriza: pombveka malaya, citani zonse inu, koma iye akokere yekha pansi, mawa alowetsenso mkono umodzi, comweco tsiku ndi tsiku iye ndiye amaliza, nakondwa ndi kutha kwace. Ngati zala sizigwira bwino, kulungani cigwiriro ca supuni ndi nsaru kapena mphira kuti cinenepe, ndipo mumpatse kapu ya zigwiriro ziwiri.

3. Konzani pakhomo. Kawirikawiri cimene cimanga munthu si miyendo yace, koma ciunda ca pakhomo, citseko copapatiza, ndi mcenga wa pabwalo. Khomo likhale la mapazi atatu m'mimba mwace. Pokwera paikidwe potsetsereka, ndipo muyeso wace ndi uwu: pa phazi limodzi la kukwera, mapazi 12 a m'litali. Kumene kuli mcenga, monga ku Livingstone, tsirani njira ya dothi la paculu ndi zidutswa za njerwa, nimutsendere. M'cimbudzi ikani mpando woboola pakati ndi mtengo wogwirira. Wakhungu mummangire cingwe kucokera pakhomo kufikira ku cimbudzi, ndipo katundu wa m'nyumba asasunthidwe iye osadziwa. Nsungwi ziwiri zokhomera pa mafoloko, molekeza m'ciuno mwa mwana, zikhala pophunzirira kuyenda.

4. Samalani thupi. Munthu wosakhoza kudzitembenuza atembenuzidwe akapita maola awiri alionse, ndipo wokhala pa njinga azidzikweza ndi manja kawirikawiri, akhalenso pa kanthu kofewa. Pakuti zilonda za m'matako, m'ciuno ndi ku zidendene zimayamba ndi kabanga kosaoneka koopsa, koma zapha ambiri. Muziyang'ana khungu m'mawa ndi madzulo, likhale louma ndi loyera. Ziwalo zosagwira nchito zimakhwinyata ndi kuuma. Cifukwa cace pitani ku cipatala kuti akuonetseni kaongoledwe kace, kamene amakacha mafizo, nimucite tsiku ndi tsiku mofatsa, osakakamiza.

5. Dziwani cosowa ca yense. Wakhungu musamkoke dzanja kapena kumkankha kumbuyo. Iye agwire mkono wanu pamwamba pa cigongono, inu mutsogole pang'ono, ndi kumuuza za dzenje ndi pokwera. Polowa nenani dzina lanu, potuluka tsazikani. Wogontha muyang'anane naye poyera, osapfuula, ndipo banja lonse liphunzire kulankhula ndi manja. Wakhunyu akagwa, mcotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muike cofewa kumutu, musaike kanthu m'kamwa mwace, ndipo akaleka kuphupha mumgoneke cammbali. Khunyu silipatsirana, ndipo mankhwala ace a ku cipatala amwedwe osadumpha tsiku. Amene nzeru zace zimacedwa muzimuuza cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndi kumuonetsa ndi manja. Ambiri otere amasunga mbuzi ndi kuthirira dimba mokhulupirika koposa anzao.

6. Sungani ulemu wace. Posamba ndi pobvala pakhale pochinga, ndipo ngati nkotheka mkazi athandizidwe ndi mkazi mnzace, mwamuna ndi mwamuna mnzace. Za m'thupi mwace si nkhani ya pacitsime. Makamaka cenjerani ndi anthu oipa amene amazemba atsikana osalankhula ndi ocedwa nzeru, podziwa kuti sakanena. Mwana wotere akakuonetsani ndi zizindikiro kuti wina wamcita coipa, mkhulupirireni, nimupite naye ku cipatala ndi ku polisi, cinkana wolakwayo akhale mbale.

7. Mpatseni sukulu ndi nchito. Kuongola mtengo mpoyamba. Mwana apite ku sukulu pa msinkhu wa anzace, ndipo pakhomo akhale ndi nchito yaceyace, kaya kutongola cimanga, kaya kusankha nyemba, kaya kudyetsa nkhuku. Pakuti wosapatsidwa nchito amadziyesa mlendo m'nyumba ya amace. Akakula aphunzire luso lodyera: kusoka, kuluka, kukonza nsapato kapena mafoni, kugulitsa, kuphunzitsa. Akafuna banja musamseke. Mefiboseti anali ndi mwana.

8. Khalani oyera m'manja pa ndalama. Boma la Zambia linayamba kupereka ndalama zothandiza mabanja osauka ku Kalomo mu 2003, ndipo la Malawi linayamba Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006. Ndalama yodza m'dzina la wolumala, kapena mphatso ya acibale, kapena gawo lace la cuma ca masiye, ndi zace. Aziwerenge, anene cogula, ndipo cotsala acione. Wodya za wolumala ndi Ziba, angakhale aimbe m'kwaya.

Kwa inu olembedwa nchito tionjeza mau awa: angakhale malipiro anu acokere kwa acibale kapena ku mishoni, amene mumtumikira ndiye uja muli kumsambitsa. Fikani pa nthawi yace, pakuti inu mukacedwa ola limodzi, iye agona ola limodzi m'zonyowa. Ndipo inu olemba nchito, lipirani mokwanira ndi pa tsiku lace, mupatsenso wanchitoyo tsiku lopumula.

V. MLEZI NAYENSO NDI MUNTHU

Nchito imeneyi ndi yolemetsa, ndipo tisanamizane. Msana umapweteka, tulo timadukaduka, ndipo tsiku lina mtima umapsa, munthu nalankhula mau amene adzalira nao usiku. Ponyamula munthu pindani maondo, msana ukhale woongoka, mumsendeze pafupi ndi cifuwa canu, ndipo ngati ali wolemera itanani mnzanu. Mukaona kuti ukali wayandikira, tulukani pabwalo kufikira mtima utatsika. Mukalakwa pepesani, monga mukadapepesa munthu wina aliyense. Kupempha thandizo si kulephera.

Apa ndipo pali mlandu wa mpingo. Amai a Cigwirizano angathe kugawana masiku, kuti mai wa mwana wolumala apeze tsiku limodzi la ku munda kapena ku msika. Anyamata a mpingo angathe kuumba njerwa ndi kukonza njira. Akulu a mpingo ayang'ane pakhomo pa nyumba ya Mulungu, ngati njinga ingalowepo. Ndipo m'katimo mbale wolumala asaikidwe kumbuyo monga woonerera, koma apatsidwe kuwerenga Mau, kuimbitsa nyimbo, kusunga cuma, monga mwa mphatso yace. Cilamulo ca Mose cinaletsa kuika cokhumudwitsa patsogolo pa wakhungu (Levitiko 19:14). Makwerero a chalichi cathu angakhale cokhumudwitsa cotero. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ambiri a ife tidzatsiriza ulendo wathu ndi ndodo, kapena m'manja mwa otinyamula.

VI. NKHANGA ZINAPANGANA KUSANAPSE

Tinabwereranso ku Highlands, ndipo ulendo uno ndinakhala pansi pafupi ndi mnyamata uja, ndi kumfunsa cimene iye mwini anafuna. Anayamba wayang'ana kwa amai ace, pakuti sanazolowere kufunsidwa. Pambuyo pace anati afuna kukaona msika wa Maramba, umene anali kungoumva, ndiponso afuna kuphunzira kukonza nsapato. Amai ace anadabwa, nati, "Mwana wanga, bwanji sunandiuze zaka zonsezi?" Iye anati, "Amai, ndinaopa kukulemetsani."

Anyamata a mpingo anagumula ciunda ca pakhonde naika potsetsereka, natsira njira kufikira ku cipata. Mbale wina wosoka nsapato anabvomera kumphunzitsa. Amaiwo anabvutika koposa onse, pakuti nchito yao yatsopano inali kupinda manja ndi kupenya mwana wao alikulimbana ndi batani la malaya. Tsiku lina njinga inatitimira mumcenga, iye nafika kunyumba kutada, manja ali matuza. Amai ace analira, nanena kuti zatha, sapitanso. M'mawa mwace anapita. Pambuyo pace banja linakhala pansi, malume ndi alongo ndi mkulu wa mpingo, mwini wace ali pakati, napangana za nyumba, za amene adzamthandiza kusamba, ndi za kosunga ndalama zace, zonse nazilemba. Afunabe thandizo m'mawa ndi madzulo, ndipo adzalifuna moyo wace wonse. Koma funso lija la pacipata linayankhidwa amai ace akali moyo, ndipo analiyankha ndi iye mwini.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mlezi wa Mefiboseti ndi Ziba asiyana bwanji, ndipo afanana potani?
2. Cifukwa ninji Ambuye anafunsa Bartimeyu, pokhala khungu lace linali loonekeratu?
3. Chulani zinthu zitatu zimene mumcitira wolumala wa kwanu, zimene iye akadakhoza kuphunzira kucita yekha.
4. M'mudzi mwanu alimo angati amene safika ku mapemphero cifukwa ca kulumala? Adzapita ndani sabata lino kukawafunsa cimene afuna?

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene munaumba yense wa ife ndi kumdziwa dzina, tikuyamikani cifukwa ca abale ndi alongo athu olumala, ndi cifukwa ca iwo amene awatumikira usana ndi usiku. Mutikhululukire pamene tinawabisa, pamene tinawayankhira osawafunsa, ndi pamene tinadya zao. Patsani otopa mpumulo, ndi amantha kulimbika mtima. Mutiphunzitse nthawi yogwira ndi nthawi yoleka, kuti tonse pamodzi tikhale pa gome lanu monga ana a nyumba imodzi. Mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.